Google Forms polembetsa maoda a fataleza: mlimi saona zimene wasankha

Kwa kopaletivu ya ku Chipata kapena ku Katete yofuna kulembetsa maoda a mbewu ndi fataleza pafoni, Google Forms, pulogalamu ya Google yopangira mafomu odzaza pa intaneti, imathandiza ndithu. Ndi yaulere, ndipo fomu ikalumikizidwa ndi Google Sheets (tebulo la pa intaneti losungamo mayankho), mayankho onse amalowamo okha, mlembi osavutika kukopera m'buku.

Chilema chake chili pamapeto. Mlimi akadina Submit amangouzidwa kuti yankho lalandiridwa, basi. Ngati chala chinaterereka n'kusankha matumba 2 a Urea m'malo mwa D-Compound, adzadziwa tsiku logawa, mvula yoyamba itagwa kale, pomwe wofunika pobzala chimanga ndi D-Compound. Fomu yokhudza ndalama za anthu siyenera kutha chonchi.

Njira yokonzera ilipo, koma inabisika. Wopanga fomu alowe pa Settings, kenako Responses. Ayatse Collect email addresses, ndipo pa Send responders a copy of their response asankhe Always. Asasankhe When requested, chifukwa pamenepo mlimi amayenera kuyatsa yekha kabatani kakang'ono pansi pa fomu, kosavuta kukadumpha. Ayatsenso Allow response editing. Chimenechi ndiye chothandiza kwambiri: patsamba lomaliza pamabwera Edit your response, ndipo mlimi akadina amapeza fomu yake ili ndi zonse zimene anasankha, n'kukonza pomwepo. Akatseka tsambalo linki yapita, pokhapokha akaipeze mu imelo.

Imelo nayo ndi nkhani. Pamafoni ambiri akaunti ya Gmail inatsegulidwa ndi mwana kapena wogulitsa foni, mwini wake sanayang'anemo n'kamodzi komwe. Choncho mlembi azitumizabe uthenga wa SMS kapena WhatsApp wobwereza oda: dzina, mtundu wa fataleza, matumba angati a 50kg, ndi ndalama zake.

Chonde musayatse View results summary pa Presentation poganiza kuti ndiye yoonetsa munthu zosankha zake. Imaonetsa mayankho a anthu onse kwa aliyense wodzaza fomu, maina ndi manambala a foni omwe.

Kumidzi ya ku Lundazi kapena ku Chadiza kumene netiweki imabwera n'kupita, Google Forms siitumiza popanda intaneti. Kumeneko KoboCollect, pulogalamu ina ya pafoni yodzazira mafomu, ndiye yabwino: imasunga fomu pafoni mpaka netiweki ipezeke, ndipo pa Sent wolembetsa amatha kutsegula fomu yotumizidwa n'kumuwerengera mlimi oda yake.