Mpira wolipira: mmene tinasankhira kalabu ya mwana wathu ku Indiana

Kumayambiriro kwa 2024 achemwali anga a ku Mchesi anandifunsa pa foni kuti, "Kodi iwe, ndalama unkatumiza zija zachepa bwanji? Ntchito yatha?" Ntchito inali isanathe. Ndalamazo zinkapita ku mpira wa volleyball wa mwana. Nditawauza anakhala kaye chete, kenako anati, "Mpira amalipira?" Kuno ku America amalipira ndithu, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino, chifukwa ena mwa inu mukukonzekera kubwera ndi ana, ndipo nkhaniyi idzakupezani monga inandipezera ine, ndisakudziwa kanthu.

Ife timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Chisamba chathu ndi mtsikana, wamtali ngati azakhali ake. Ine ndinakula ndikusewera ntchemberembaye pa bwalo lafumbi, koma kuno anthu ambiri sanamvepo n'komwe za masewera amenewo. Atsikana kuno ndi volleyball. Inabadwira konkuno ku America, ku Holyoke m'chigawo cha Massachusetts, mu 1895, ndipo anthu amaikonda mwakuti inu simungakhulupirire. Mu Ogasiti 2023 mwanayu anandithamangira ndi foni kundionetsa anthu 92,003 atadzaza bwalo la ku Lincoln, Nebraska, kudzaonera atsikana a ku yunivesite akusewera. Anati, "Amayi, taonani, onsewa abwerera atsikana." Kuyambira tsiku limenelo mpira sunachoke m'manja mwake. Ankaumenyetsa pa khoma la galaja mpaka bambo ake kumuletsa.

Ku sukulu amasewera miyezi yochepa chabe, kuyambira Ogasiti, ndipo pofika Novembala zonse zatha. Amene akufuna kupitiriza amalowa kalabu, ndipo kumeneko amasewera nyengo yonse yozizira mpaka cha mu Juni. Makalabuwa ndi a anthu wamba, si a boma kapena a sukulu, ndipo mipikisano yake imayendetsedwa ndi mabungwe monga USA Volleyball, AAU ndi JVA. Kuti mwana alowe amayamba wayesedwa. Amamumata nambala pamsana, amayeza msinkhu wake ndi mmene amadumphira, amasewera maola awiri makochi akulemba pa mapepala, makolo tili pambali mitima ili m'mwamba.

Tinamuyesetsa m'makalabu awiri. Yoyamba inali ndi nyumba yakeyake, mabwalo asanu ndi atatu pansi pa denga limodzi, zikho zitadzaza kabati, ndipo pa khoma atalemba mayina a atsikana amene anachokera pamenepo n'kukasewera m'mayunivesite. Ana a zaka 13 okha anali ndi matimu anayi. Yachiwiri inkachita lendi holo ya pasukulu ina ya mpingo, bwalo limodzi, timu imodzi pa msinkhu uliwonse. Onse awiri anamutenga.

Apa ndiyenera kunena zimene zinali m'mutu mwanga. Ine ndinaziona ngati kusankhidwa kupita folomu wani. Mwana akasankhidwa ku sekondale yotchuka ya boma, ndani angamusiye pa sukulu yoyendera ya pafupi ndi nyumba? Kwathu tinaphunzira kuti dzina la sukulu limamunyamula mwana. Choncho sindinafunse mafunso ambiri. Uthenga unati amutenga mu timu yachitatu, ndipo tiyankhe msanga malo asanapite kwa wina. Tinasaina usiku womwewo. Mtengo unali madola 3,400.

Ndinkaganiza kuti ndalamazo ndi zonse. Ayi. Mafuta a galimoto ndi ako, chakudya ndi chako, ndipo kholo limalipira pakhomo kuti likaonere mwana wake yemwe. Mipikisano ikuluikulu yambiri ili ndi lamulo lakuti timu igone m'mahotela amene okonza mpikisanowo asankha. Ku Indianapolis tili ndi Amalawi anzathu amene akanatiyalira mphasa mosangalala, nsima n'kudya limodzi, koma tinkagona ku hotela ya pakati pa tawuni masiku awiri kapena atatu. Ndipo Loweruka lililonse limene ndinali ku mpira linali tsiku limene sindinagwire ntchito. Ndalama imeneyo palibe amene amakuwerengera pa pepala losaina lija.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la ku Indiana Convention Center, holo yaikulu ya ku Indianapolis. Tinanyamuka kudakali mdima, chipale chofewa chikugwa, kutsika ndi msewu wa US 31 maola oposa awiri. Kulowa mkatimo, maneti ndandanda mpaka kumene maso alekezera, mawezulo akulira mbali zonse mwakuti makutu amachita kuwawa. Timu yathu inali ndi atsikana 12, ndipo m'bwalo mumalowa asanu ndi mmodzi. Mwana wanga anaima kumapeto kwa benchi, akuombera anzake m'manja, akufuula mayina awo. Tsiku lonse analowa kawiri. Kachiwiriko mpira wake woyamba unakodwa mu neti, ndipo kochi anamutulutsa pomwepo. Masewera a timu yake atatha, anamuika pa mzere ndi kambendera kuti aziweruza masewera a matimu ena, chifukwa kuno ana amachita okha ntchito imeneyo. Pamenepo ndi pamene anakhala nthawi yaitali pafupi ndi bwalo.

Pobwerera sanalankhule mpaka titadutsa Kokomo. Kenako anatulutsa m'chikwama zotchingira mawondo zake n'kuziika pa miyendo. Anati, "Amayi, musavutike kuzichapa. Sizinade." Zinali zoyera mbee ngati zachokera m'sitolo. Ndinayendetsa galimoto misozi ikulengeza, osafuna kuti aone.

Ndinafuna kukalankhula ndi kochi, koma pepala lija linanena kale zonse: kholo lidikire maola 24 mpikisano ukatha lisanadandaule, ndipo ndalama zimene timalipira ndi za maphunziro, osati lonjezo lakuti mwana adzasewera. Zinalembedwa poyera, ine ndi amene sindinadziwe kulemera kwa mawuwo. Kochi wathu anali mtsikana wa ku koleji, waulemu ndithu, koma nayenso anali wophunzira, ndipo chapakati pa nyengo anasiya n'kubwera wina amene anatenga masabata kuti adziwe mayina a ana.

Sindikunyoza kalabu yaikulu. Ndinkaonera timu yoyamba ikuphunzira pa bwalo loyandikana nalo, ndipo zimene ndinkaona zinali zokoma m'maso: makochi atatu, aliyense ndi mbali yake, wina wolimbitsa thupi, wina akujambula kanema woti akatumize ku mayunivesite. Ku mipikisano ya ku Indianapolis ndi ya ku McCormick Place ku Chicago, makochi a m'makoleji amaima mozungulira mabwalo a matimu oterewa. Zikho zija si zabodza. Koma zonsezo ndi za timu yoyamba. Ife a timu yachitatu tinkavala yunifomu yofanana nawo ndi kulipira pafupifupi mofanana, basi.

Chimene chimatikoka makolofe, makamaka ife obwera, ndi nkhani yakuti mpira udzamulipirira mwana sukulu. Mwayiwo ulipodi, ndipo unakula chifukwa cha lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, limene linaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kukondera pakati pa anyamata ndi atsikana. Koma atsikana osewera ndi ochuluka kwambiri kuposa malo amene alipo. Komanso malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, salola makochi a mayunivesite akuluakulu kuyamba kukambirana ndi mwana lisanafike tsiku la 15 Juni atamaliza giredi 10. Wanga anali giredi 7. Ndinkalipirira kuti aonedwe ndi anthu amene sakanamulankhula kwa zaka zitatu, pamene iye anali asanadziwe ngakhale kulandira mpira bwino.

Chaka chotsatira tinabwerera ku holo ya mpingo ija. Kochi wake ndi mayi wachikulire amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Anatikumbukira. Tinalipira madola 1,300, ndipo mipikisano yonse kupatula umodzi inali yopita m'mawa n'kubwerera madzulo. Atsikana anali asanu ndi anayi. Tsiku loyamba mayiyu anamuimitsa mwana wanga, anamugwira mikono, n'kuiwongola bwinobwino, zala zazikulu kuzigundanitsa, n'kumuuza kuti mpira amaulandira ndi miyendo, mikono ndi thabwa chabe. Anamuponyera mpira kambirimbiri mpaka mikonoyo inafiira. Mwana wamtali ambiri amangomuika kutsogolo kuti azitchinga, n'kumutulutsa ikafika nthawi yopita kumbuyo kuti alowe libero, uja amavala malaya osiyana ndi anzake. Mayiyu anakana zimenezo. Anati pa msinkhu umenewu aphunzire malo onse. Ankalakwitsa, n'kumusiya momwemo kuti alakwitsenso mpaka akonze. Pofika Febuluwale zotchingira mawondo zija zinali zitang'ambika, tinagula zina.

Nako kuli mavuto ake, ndisakunamizeni. Holo ikafunika pa zochitika za mpingo, maphunziro amalephereka. Tsiku lina atsikana awiri anadwala chimfine, wina anapita ku ukwati, tinasewera ndi asanu ndi mmodzi enieni popanda wolowa m'malo. Ena mu timumo ankangobwerera kucheza, ndipo zinkamupweteka mwana wanga amene ankafuna kupambana. Titakumana ndi timu yoyamba ya kalabu yake yakale anatigonjetsa 25 kwa 9, ndipo ulendo umenewonso unali wachete. Koma pa mapointi asanu ndi anayi amenewo, anayi anali ake, ndipo anandiwerengera limodzi ndi limodzi tili pa tebulo usiku.

Amalawi anzanga kuno akandifunsa, ndimawauza kuti asafunse za zikho. Afunse kuti mwanayo ali mu timu iti, ndipo kochi wa timu imeneyo ndani, osati mwini kalabu amene amalankhula bwino pa msonkhano wa makolo. Afunse kuti mu timu muli ana angati, chifukwa kusiyana kwa 9 ndi 12 ndi kusiyana kwa kusewera ndi kuombera anzako m'manja. Apemphe mndandanda wa mipikisano yonse, awerenge mausiku a ku hotela ndi masiku amene adzajombe ku ntchito, asanagwire cholembera. Ndipo apite akaonere maphunziro tsiku wamba, aone ngati kochi amalankhula ndi mwana amene ali kumapeto kwa mzere. Mwana amene ali kale patsogolo pa anzake, amene amutenga timu yoyamba, kalabu yaikulu imamuyenera. Wanga pa zaka 13 sanali pamenepo.

Tsopano akulowa msinkhu wa zaka 15, ndipo nkhani yatembenuka. Mpikisano womaliza utatha, mayi uja anatiitana ine ndi bambo ake n'kutiuza kuti zimene akanatha kumuphunzitsa wamuphunzitsa, ndipo mwanayu akufunika anzake omuposa kuti akule. Anatiuza yekha kuti tikamuyesetsenso ku makalabu akuluakulu, ngakhale kutero n'kutaya wosewera wake wodalirika. Mwana analira, ine ndinamugwira dzanja mayiyo ndi manja awiri monga timachitira kwathu.

Tagwirizana pakhomo pano kuti akamutenga timu yoyamba kapena yachiwiri, ndipo tikamuona kochi wake ndi maso athu, tilipira. Ikakhala yachitatu abwerera ku holo ya mpingo, ndipo iye wavomera. Ndayamba kale kutenga mashifiti owonjezera Lamlungu. Achemwali ndawaimbira kuwauza kuti fizi ya ana awo ndi feteleza wa amayi sizisintha, ndazipatula kale, koma denga la nyumba ya kumudzi lidikire mpaka Juni.