Vlaggetjesdag ku Scheveningen: nyenyezi 4 pa 5, pitani mukalawe haring yatsopano

Amene muli ku Netherlands kapena maiko oyandikana nawo mwezi wa Juni, chikondwerero cha Vlaggetjesdag, tsiku la timbendera lolandirira nsomba ya m'nyanja yotchedwa haring, musachiphonye ndithu. Chikondwererochi chimachitika Loweruka pa doko la Scheveningen, mbali ya mzinda wa Den Haag yomwe ili m'mphepete mwa North Sea, kulowa ndi ulele, mumangolipira zomwe mwadya ndi kumwa basi. Ife tinapita kagulu, ine ndi anzanga a kuntchito, tinakwera tram, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, nambala 11 pa siteshoni ya Den Haag HS ndipo imakakutsitsani pafupi ndi doko pompo, za galimoto musavutike nazo chifukwa poimika ndi posowa tsiku limeneli.

Mukangofika chokulandirani ndi mbendera, timbendera tambirimbiri tamitundumitundu tomangidwa pa zingwe za maboti kuchokera kumutu mpaka kumchira, tikungopepeluka ndi mphepo. Kale asodzi ankakongoletsa maboti awo chonchi asananyamuke kukayamba nyengo yogwira haring, nde mwambowu anausunga. Maboti a pamenepa mumawadziwira zilembo SCH zolembedwa m'mbali. Dokolonso lili ndi mbiri yake, kale kunalibe doko, maboti ankangowakokera pamchenga, mpaka mu 1894 namondwe anaphwanya ambiri ali pagombe pomwepo, ndiye anamanga doko lomwe linatsegulidwa mu 1904.

Koma nkhani yeniyeni ndi nsombayo, amaitchula Hollandse Nieuwe. Si haring iliyonse imene imaloledwa kutchedwa choncho ayi, imayenera kukhala yogwidwa nyengo yake, kuyambira chapakati pa Meyi nsomba itadya n'kunona, mafuta ake asachepere 16 peresenti. Akaigwira amaicheka pakhosi n'kuchotsa zam'kati koma kapamba amamusiya dala, chifukwa timadzi ta m'kapambamo ndi tomwe timaifewetsa ili mumchere mpaka kumakoma momwe imakomeramo. Njira imeneyi amati anayambitsa ndi Willem Beukelszoon wa ku Biervliet zaka za m'ma 1300. Mnzanga wina ankachita mantha kuti nsomba yosaphika idzamudwalitsa m'mimba, koma lamulo lawo limati iyambe yaumitsidwa mu firiji pa madigiri -20 kwa maola osachepera 24 kuti tinyongolotsi timene timapezeka mu nsombazi tife, nde palibe choopa. Mgolo woyamba wa chaka chimenecho amaugulitsa pa okushoni patatsala masiku ochepa chikondwerero chisanafike ndipo ndalama zake zimapita ku ntchito zachifundo. Wogulitsa wina sanatibisire, anati masiku ano yambiri imagwidwa cha ku Norway, Denmark ndi Scotland, zimenezi ndinazikonda, munthu wosanamiza kasitomala.

Ine pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa tebulo la mayi wina amene ankakonza nsombazi pamaso pathu. Kampeni kakang'ono m'manja, nsomba pathabwa, mutu dwe, kuitsegula pamimba, kusenda khungu ngati akuvula sokosi, kenako chala chimodzi kulowetsa pansi pa msana n'kusolola minga yonse kamodzi, mbali ziwirizo n'kutsala zolumikizana kumchira kokha. Zonsezi akucheza ndi kasitomala osayang'ananso pansi, manja okhaokha akudziwa ntchito. Anthu amangothamangira kujambula maboti koma luso lenileni lili pa matebulo amenewa, ndipo kukonzeredwa pomwepo n'kofunika, nsomba yomwe yakhalitsa itakonzedwa kale siikoma chimodzimodzi.

Kadyedwe kake mumaigwira kumchira, kuigudubuza mu anyezi wamuwisi wodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, kupendeketsa mutu chagada n'kuluma kuchokera pansi. Abale, ndi yofewa zedi, kamchere kapatalipatali, mafuta akungosungunuka pa lilime, fungo loipa la nsomba mulibe olo pang'ono, anyezi uja n'kubwera kudzathyola mafutawo. Ndinabwerera kukagulanso. Amene simungathe kuigwira kumchira auzeni akuikireni mu kabuledi kofewa, amati broodje haring, ndi yomweyo. Mnzathu amene ankaopa uja analawa kachidutswa n'kuvomera kuti ndi yabwino koma anakhazikika pa kibbeling, timagawo ta nsomba yoyera toviika mu ufa n'kukazinga, amapereka ndi sosi, tikakhala totentha timakoma kwabasi, nde ngati pagulu panu pali osadya zaziwisi asadandaule safa ndi njala.

Chenjezo limodzi lokha, mbalame za kunyanja zija zoyera ndi akuba enieni, zimabwera chakumbuyo n'kukwatula nsomba ili m'manja, mwana wina pafupi nafe anamulanda n'kuyamba kulira, dyerani pansi pa tenti kapena mutatsamira khoma.

Kupatula zakudya kunali makwaya a azibambo achikulire akuimba nyimbo za amalinyero, mawu okhuthala bwino ngakhale chilankhulocho osachimva zimakulowabe mumtima. Amayi ena anavala zovala zamakolo awo za ku Scheveningen, masiketi akuda aatali, tizipewa toyera tomangidwa ndi timapini tagolide pamphumi, ndipo anali omasuka kujambulitsa nafe titapempha mwaulemu. Kunalinso madala osoka maukonde, kuonetsa momwe amamangira mfundo ndi chosokera chamtengo, mmodzi anamugwiritsa mnzanga kuti ayesere n'kumuongolera zala modekha. Zinthu ngati zimenezi ndi zomwe zinandigwira mtima, ukuona kuti anthuwa usodzi ndi moyo wawo, ambiri mwa iwo makolo awo anatsalira m'nyanja momwemo, ndipo chakugombe kuli chipilala cha mkazi wa msodzi ataima kuyang'ana kunyanja pokumbukira asodzi omwe sanabwerere.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Dzuwa likangofika paliwombo anthu amachuluka mopyola, kuyenda kwake kokankhana, mizere ya nsomba kutalika, pokhala n'posowa moti tinadya chiimire pafupifupi tsiku lonse, kwa okalamba ndi amene ali ndi ana a m'manja zimenezi ndi zovuta. Matebulo enanso amangogulitsa zovala ndi tizidole tosakhudzana n'komwe ndi usodzi, amangodya malo. Ndipo pa tebulo lina, sinditchula dzina, anatigulitsa kibbeling yozizira yokazinga kalekale mafuta atagwirana, pa mtengo womwewo wa ma euro, titadandaula anangotiyang'ana. Gulani pomwe mukuona akukazinga kapena kukonza nsomba inu mukuona, olo mzere utalike.

Fikani m'mawa, tengani kajekete chifukwa mphepo ya North Sea imazizira ngakhale mu Juni, khadi ya kubanki ikhale m'thumba poti ambiri amalandira khadi. Doko likadzaza tulukani muyende chakumpoto m'mbali mwa gombe, mudutse pa nsanja yofiira younikira sitima ya 1875 mpaka ku Pier, mlatho woyendapo anthu wolowera m'nyanja, ife tinakamalizira kumeneko tsikulo, malo okhala pansi amapezeka.