Menyu yotsika pa webusaiti: select, jQuery, hover kapena batani?

Anzanga amene angoyamba kumene kumanga mawebusaiti amandifunsa funso lomwelomweli, ndiye ndiwayankhe onse pamodzi.

Ya select (kabokosi kosankhira ka HTML) yokhala ndi onchange, imene imakupititsani ku tsamba lina mukangosintha chosankha, ingoiwalani. M'mabrawuza ena, wogwiritsa ntchito kiyibodi akangodina muvi wotsika, tsamba lasintha kale iye asanafike pomwe amafuna.

jQuery, laibulale yopeputsa kulemba JavaScript, ndimaipatsa ulemu wake. Pomwe John Resig ankaitulutsa mu 2006, brawuza iliyonse inali ndi khalidwe lakelake, moti Internet Explorer 6 inkangomva :hover (lamulo la CSS logwira ntchito mausi ikafika pamwamba pa chinthu) pa linki basi. jQuery ndi imene inkathetsa kusiyanaku. Koma Microsoft inapumitsa Internet Explorer mu 2022. Lero kukoka fayilo yonse ya jQuery chifukwa cha menyu imodzi n'kumudyera mlendo wanu data pachabe. Bootstrap 5, gulu la zida zopangiratu zomangira mawebusaiti, inasiyana nayo jQuery, komabe menyu yake siyenda popanda laibulale ina yotchedwa Popper.

Imene ndili nayo chifukwa ndi ya CSS yokhayokha, yodalira :hover. Pa kompyuta imanyengerera: mizere yowerengeka, JavaScript palibe, mwini ntchito akusangalala. Ndiye itseguleni pa foni. Chala sichiyandama pamwamba pa mawu ngati mausi, chimangodina. Ngati mutu wa menyuwo ulinso linki, pa foni ina tsamba limatseguka pompo, timalinki tam'munsi tangophethira n'kuzimiririka. Pa iPhone kudina koyamba kumatsegula menyu, kachiwiri ndiye kumakupititsani, ndipo palibe chimene chimamuuza mlendo zimenezi.

Ngakhale pa kompyuta pomwepo, pakangotsala kampata kakang'ono pakati pa mutu ndi mndandanda, mausi ikamatsika menyu imadzitsekera panjira. Munthu amayesa, kuyesanso, kenako n'kuchoka. Ena amati :focus-within, lamulo la CSS lotsegula menyu kiyibodi ikafika pamenepo, inakonza zonse. Inathandizadi a kiyibodi, koma dinani Escape muone ngati itseke.

Ine ndili kumbali ya batani wamba. Kudina litsegule, kudinanso litseke, ndipo timizere tochepa ta JavaScript tizisintha chizindikiro cha aria-expanded pa batanilo kuti pulogalamu yowerengera osaona inene ngati menyu ili yotsegula. Popover, njira ya HTML yotsegulira kabokosi pamwamba pa tsamba, inapeputsanso ntchitoyi, chifukwa Escape ndi kudina pambali zimatseka zokha. Inalowa mu Chrome 114 ndi Safari 17 mu 2023, Firefox 125 n'kutsatira mu 2024. Chovuta chake n'chakuti mukapanda kuiuza malo ndi CSS imatulukira pakatikati pa sikirini, ndipo pa brawuza yakale menyuyo imangokhala yotsegula. Ngati alendo anu ambiri ali ndi mafoni akale, lembani nokha ka JavaScript kaja.