Chaka chimodzi ndi kirediti khadi langa, ndikulipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndagwiritsa ntchito khadili chaka chathunthu nde ndati ndilembeko poti anthu amangondifunsa kuti labwino ndi liti, la Visa kapena la Mastercard. Inenso ndinayambira pa funso lomwelo koma nkhani siili pamenepo. Makampani awiriwa sabwereketsa munthu ndalama, iwo amangolumikiza banki yako ndi banki ya wogulitsa, pomwe chiwongola dzanja, limiti ndi ndalama yolipira pachaka amakonza ndi a banki amene akukupatsani khadilo. Nde mukamasankha funsani pepala la mafizi muwerenge mofatsa, makamaka zomwe amadula mukagula zinthu mu ndalama yakunja. Langa ndi la Visa, nambala yake imayamba ndi 4, ambiri a Mastercard amayamba ndi 5 ena 2.

Pa chitetezo ndilibe dandaulo lenileni. Kachipi kagolide kaja amati EMV, kamapanga kodi yatsopano nthawi iliyonse ukagula, ndiye ngakhale mbava itakopera zomwe zadutsa pamakina siingazigwiritsenso ntchito. Kamzere kakuda kakumbuyo kaja ndi kamene kali kosadalirika chifukwa zomwe zili mmenemo sizisintha, nchifukwa chake ine kuswaipa ndimakana, ndimalowetsa chipi kapena kungogunditsa basi.

Koma pa intaneti chipi sichithandiza kalikonse, izi ndinaziona ndekha mwezi wachisanu. Usiku ndili mtulo foni inalira, meseji yoti khadi lagula zinthu pa webusaiti yomwe sindinaimvepo, kandalama kochepa kaye kenako pasanathe mphindi khumi ina yayikulu, khadilo lili mchikwama mwanga momwemo. Mtima unagunda zedi. Ndinatsegula app ya banki nkulitseka khadilo pompo, batani limeneli lokha ndi chifukwa chokwanira chosankhira banki, ngati app yawo ilibe ganizani kawiri. Ndinadabwa kuti bwanji OTP, kodi yogwira ntchito kamodzi yomwe banki imatumiza pa foni potsimikizira kugula, sinabwere, a banki anandifotokozera kuti si mawebusaiti onse amene amagwiritsa ntchito 3-D Secure, njira yotsimikizira kuti wogulayo ndi mwini khadi, ija pa Visa amaitcha Visa Secure pa Mastercard amati Identity Check, ena ukangolemba nambala ya khadi, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu akumbuyo aja a CVV zatheka. Ndinadzaza fomu yokana kuti sindinagule ine, iwo anatsata njira ya chargeback yoitanitsanso ndalamazo kuchokera ku banki ya wogulitsa ndipo ndalama zonse zinabwezedwa, anandipatsanso khadi lina la nambala yatsopano. Apa mpamene ndinaona ubwino wa kirediti khadi, nthawi yonse yodikira ija ndalama ya mu akaunti yanga sinakhudzidwe, likanakhala debiti khadi bwenzi malipiro anga atapita kaye.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zinthu ziwiri. Kuyimba foni ku banki tsiku limenelo ndinadikira nthawi yayitali kwambiri pamene munthu uli ndi nkhawa, komanso pondipatsa khadi palibe anandiuza momveka kuti ukatapa kashi pa ATM chiwongola dzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo ndiye pali kafizi kenanso pamwamba, masiku aulere opanda chiwongola dzanja ndi a zogula zokha ndiponso ukamalipira sitetimenti yonse. Ndinatapa kamodzi, zinandiwawa nditaona sitetimenti. Ndipo kandalama kochepa komwe amalemba kuti mukhoza kulipira kokhako musakhutire nako, yotsalayo imangobereka mwezi ndi mwezi.

Panopa khadili ndinaliika pa Google Pay, app yolipirira pa foni, poti kumeneko wogulitsa saona nambala yeniyeni, amalandira ina yoimira, ndipo zogula pa intaneti ndimazitseka mu app nkutsegula pokhapokha ndikufuna kulipira. Wina anandiyimbirapo akuti ndi wa ku banki ndimuwerengere OTP, ndinangodula foni nkuyimba nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi, a banki anati sanali iwo. Chaka chino ndalipiranso fizi yapachaka, ndipitiriza nalo.