Ndemanga yanga pa ntchito ya akatswiri owerengera mtengo wa nyumba ya poloti yaikulu

Munthu amene akufuna kugula nyumba yokhala pa poloti yaikulu amakumana ndi funso limene wogulitsa kawirikawiri sakhala ndi yankho lake, ndilo lakuti pa ndalama zonse zimene zikufunidwazo, ndi zingati za nyumba yeniyeniyo ndipo ndi zingati za malo otsala oizungulira. Pofuna yankho la funsoli ndinapempha kampani ina ya akatswiri owerengera mitengo ya nyumba ndi malo kuti indiunikire nyumba ya zipinda zogona zitatu, yomangidwa pa poloti ya pafupifupi ekala imodzi, m'dera limene mapoloti ambiri safika ngakhale theka la kukula kumeneko. Ndalama zimene ndinalipira sizinalowe m'madzi, koma lipoti lawo lili ndi mbali ina yofooka imene aliyense wofuna thandizo lotereli ayenera kuidziwiratu.

Asanayambe chilichonse anandilembera kalata yofotokoza cholinga cha ntchitoyo, tsiku limene mtengowo udzagwirire ntchito, ndiponso malipiro awo. Malipirowo anali okhazikika, osadalira ngati mtengo wa nyumbayo udzatuluka wokwera kapena wotsika, ndipo zimenezi zinandipatsa chikhulupiriro, chifukwa munthu amene phindu lake likukula pamodzi ndi mtengo umene akutchula savuta kukokera mbali imodzi.

Katswiri amene anabwera anatha nthawi yaitali panja kusiyana ndi m'nyumba. Anatenga mapu a polotiyo nkuyamba kutsata malire, akufukula udzu ndi nsapato pamakona kufunafuna zizindikiro za konkire zimene amaika oyeza malo, ndipo pa kona imodzi anapeza kuti mpanda unamangidwa kunja kwa chizindikirocho, kutanthauza kuti kachigawo kena kamene maso amakaona ngati ka nyumbayi ndi ka woyandikana naye. Kuseri, kumene malowo amatsetsereka, anaima nkundionetsa kuti udzu wa kumeneko ndi wa mtundu wina, wobiriwira kwambiri, komanso kuti m'munsi mwa mpanda muli mzere wa matope ouma. Anati madzi amaima pamenepo mvula ikagwa yambiri. Anajambulanso nthambo za magetsi zodutsa pamwamba pa mbali imodzi ya polotiyo, popeza pansi pa nthambo zotere malamulo salola kumanga. M'nyumba anakwera kudenga ndi tochi kukaona mitanda ngati chiswe chinaigwira, anayeza chinyezi m'makoma, ndipo analemba ming'alu imene anaipeza, koma ntchito ya m'katiyi anaimaliza mofulumira.

Mbali ya lipoti imene ndikuiyamikira koposa ndi yokhudza malo otsalawo. Ogulitsa ambiri amaganiza kuti ngati poloti yawo ndi yaikulu kanayi kuposa ya anzawo, mtengo wa malowo uyeneranso kukwera kanayi, koma akatswiriwa anafotokoza momveka chifukwa chake msika suyenda choncho. Gawo limene nyumba yakhalapo, pamodzi ndi bwalo ndi njira ya galimoto, ndi limene wogula aliyense amalifuna ndipo amalilipira mokwanira. Malo opitirira pamenepo amagawika m'mitundu iwiri. Pali malo amene angathe kudulidwa nkukhala poloti yoima payokha, yokhala ndi njira yakeyake yotulukira kumsewu ndiponso yokwanira kukula kumene khonsolo imalola, ndipo amenewa amawerengeredwa padera monga malo omangapo nyumba ina. Palinso malo amene ndi aakulu ndithu koma sangadulidwe, kaya chifukwa nyumba inamangidwa pakati penipeni, kaya chifukwa alibe potulukira, kaya chifukwa malamulo a m'deralo sakulola. Amenewa amangowonjezera pang'ono pa mtengo, pakuti phindu lawo ndi mpata ndi bata basi. Pa poloti imene ndinkaifunayi anapeza kuti mbali ya kutsogolo, yoyang'ana msewu, ingathe kudulidwa khonsolo itavomereza, pamene mbali ya kuseri yonyowa ija ndi ya pansi pa nthambo ija sizingapereke poloti ina. Anachotsanso ndalama zimene zingalowe poyezetsa malo, kupeza zikalata zatsopano ndi kukokera madzi ndi magetsi, ndipo anachenjeza kuti chilolezo chimene sichinatuluke sichiyenera kulipiridwa ngati chatuluka kale. Wogulitsa anali atayika mtengo umodzi pa ekala yonseyo ngati kuti dothi lake lonse ndi lofanana, ndipo masamba ochepa amenewa ndi amene anandipatsa mfundo zokambirana naye.

Pofuna mtengo wa nyumba yeniyeniyo anagwiritsa ntchito njira yodziwika yoyerekeza ndi nyumba zina za m'dera lomwelo zimene zinagulitsidwa posachedwa. Anakana kudalira mitengo ya pa zikwangwani ndi ya pa intaneti, ponena kuti imeneyo imasonyeza zimene mwini nyumba akulakalaka, pamene mtengo umene wogula analipiradi ndiwo umboni. Nyumba iliyonse yoyerekezera anailembera kusiyana kwake ndi iyi, monga kukula, zaka, mmene yasamalidwira ndi kutalikira kwake ku msewu waukulu, nkuwonjezera kapena kuchotsa molingana ndi kusiyanako. Anawerengeranso ndalama zimene zingafunike kumanga nyumba yofanana nayo lero, nkuchotsapo kutha kwake, kuti aone ngati njira ziwirizi zikugwirizana. Ananenanso mfundo imene eni nyumba zikuluzikulu sakonda kuimva, yakuti nyumba yoposa zinzake zonse m'dera imakokeredwa pansi ndi mitengo ya nyumba zoizungulira, chifukwa munthu amene ali ndi ndalama zochuluka chotero amakonda kukagula kumene nyumba zonse ndi za mulingo umenewo.

Tanthauzo la mtengo wa pamsika limene anagwiritsa ntchito ndi la m'malamulo a padziko lonse owerengetsera mitengo ya katundu, otchedwa International Valuation Standards, limenenso bungwe la akatswiri a za malo ndi nyumba la Royal Institution of Chartered Surveyors, lokhazikitsidwa ku London mu 1868, limatsatira. Mwachidule, ndi ndalama zimene wogula wofuna kugula ndi wogulitsa wofuna kugulitsa, osakhala pa ubale, angagwirizane pa tsiku lotchulidwalo, katunduyo atatsatsidwa mokwanira, aliyense akudziwa zimene akuchita ndiponso popanda womukakamiza. Mawu akuti katunduyo atatsatsidwa mokwanira ndi amene akundifikitsa pa kufooka kwa lipotili.

Gawo lofotokoza msika wa m'deralo linali lalifupi kwambiri, ndipo zambiri zimene linanena munthu angazidziwe pongoyenda m'misewu yake: kuti sukulu ndi chipatala zili pafupi, kuti msewu ndi wabwino, kuti deralo ndi labata. Silinanene kuti nyumba za kumeneko zimakhala miyezi ingati pamsika zisanapeze wogula, silinanene kuchuluka kwa nyumba zimene zikudikira ogula panopa poyerekeza ndi zimene zimagulidwa pa mwezi, ndipo silinasonyeze ngati ogulitsa akumatsitsa mitengo yawo pokambirana. Kwa nyumba wamba kusowa kwa zimenezi kungakhululukidwe, koma nyumba ya poloti yaikulu ili ndi ogula ochepa, motero funso lakuti ndingadzaigulitse mwa changu chotani zinthu zitandithina ndi lalikulu ngati funso la mtengo lomwe. Nkhani ya lendi anaikhudza ndi chiganizo chimodzi chokha, chonsecho wochita lendi amalipira zipinda ndipo salipira zambiri chifukwa cha udzu wa kuseri, zimene zikutanthauza kuti phindu la lendi pa nyumba yotere limakhala lochepa poyerekeza ndi ndalama zoigulira. Nditafunsa pa foni, katswiriyo anayankha bwino mafunso onsewa, kusonyeza kuti nzeruzo anali nazo koma sanazilembe, ndipo banki kapena mnzako wogawana naye ndalama amawerenga zolembedwa zokha.

Lipotili silinakhudzenso ndalama zosamalira malo aakulu chotere. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, ndipo ngati mbali zake zinayi zili zofanana, mpanda wozungulira umatalika mamita pafupifupi 254. Mpanda umenewo umafuna kukonzedwa, udzu umafuna wotchetcha, ngalande zimafuna kulambulidwa, ndipo makona akutali amafuna magetsi owalitsa usiku. Zoonadi kuwerengera zimenezi si ntchito yeniyeni ya wowerengera mtengo, koma ndime imodzi yochenjeza ikanathandiza wogula amene sanakhalepo pa malo aakulu. Chinanso, chenjezo lakuti iwo sanafufuze zikalata za umwini monga mmene loya angachitire, komanso kuti sanaunike maziko monga mmene injiniya angachitire, analiika kumapeto m'zilembo zazing'ono, pamene malo ake oyenera ndi tsamba loyamba.

Kwa munthu wogula kapena wogulitsa nyumba ya poloti yoposa za anzake m'dera, ntchito ya akatswiri otere ndikuivomereza, makamaka chifukwa cha luso lawo losiyanitsa malo oti angadulidwe ndi malo ongokulitsa bwalo. Powalemba ntchito, apempheni kuti m'kalata ya mgwirizano alembemo zoti lipoti lidzasonyeza mtengo wa malo padera ndi wa nyumba padera, miyezi imene nyumba za m'deralo zimatenga kuti zigulidwe, ndi lendi imene nyumbayo ingabweretse, ndipo loya ndi woyeza malo muwapeze paokha musanasaine chilichonse.