Kugula zida za ntchito pa lay-by ku Joni: mmene ndaionera shopu ina ya katundu wogwiritsidwapo kale

Mnyamata amene wangomaliza kuphunzira kuwotcherera zitsulo, ukalipentala kapena zamagetsi amayamba ntchito ali manjamanja, ndipo kuno ku Johannesburg mmisiri wopanda zida amakhalabe wothandizira anzake ngakhale luso lake litaposa la abwana ake. Malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo pa ndalama zimenezo payenera kuchoka lendi, thiransipoti, chakudya ndi kangachepe kotumiza kumudzi, kumene abale amakhulupirira kuti ku Joni ndalama amachita kutola. Munthu wotere sangagule makina owotcherera, grinder ndi drill pa kamodzi. N'chifukwa chake ndafuna kulemba za lay-by, njira yolipira katundu pang'onopang'ono musanamutenge, monga mmene amaiyendetsera pa shopu ina ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito cha ku Malvern, dera la mu Johannesburg muno, kumene ine ndi anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito timagula zida zathu.

Dongosolo lake ndi losavuta. Munthu amasankha chida, amapereka gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wake, ndipo chidacho amachichotsa pa shelefu, kuchimata pepala la dzina lake n'kukachisunga kuseri mpaka atamaliza kulipira m'miyezi itatu. Palibe chiwongoladzanja, palibe amene amafufuza mbiri yako ya ngongole, ndipo pasipoti ya Malawi amailandira popanda mafunso ambiri, zimene ndi nkhani yaikulu kwa ife amene mabanki amatikayikira tikafuna kubwereka. Ndalama umapereka tsiku lililonse limene wazipeza, kaya ndi R100 yotsala pa ganyu yokonza geti, kaya ndi R600 ya kumapeto kwa mwezi, ndipo mayi amene amakhala pa kauntala amalemba zotsala pa lisiti iwe ukuona.

Chimene ambiri mwa ife sitidziwa n'chakuti lay-by si chifundo cha mwini shopu ayi, koma ili m'malamulo. Gawo 62 la lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008 limanena kuti ndalama zimene mwapereka zimakhalabe zanu mpaka katunduyo mutamulandira. Mukasintha maganizo kapena mukalephera kumaliza, shopu iyenera kukubwezerani ndalama zanu, ndipo chilango chimene ingadule sichiyenera kupitirira 1% ya mtengo wa katunduyo. Ngati kulepherako kwabwera chifukwa cha imfa kapena kugonekedwa m'chipatala, sadula kanthu. Shopu nayo ikalephera kukupatsani katundu amene mwamaliza kulipira, inu ndi amene mumasankha kulandira wina wofanana naye kapena womuposa, apo ayi kubwezeredwa ndalama, ndipo ngati vuto lili la iwo eni, ayenera kubweza kuwirikiza kawiri. Pa shopu imeneyi mfundo zina mwa izi zalembedwa kuseri kwa pepala la mgwirizano, koma m'zilembo zing'onozing'ono kwambiri, ndipo ogulitsa sazitchula mukapanda kufunsa.

Ubwino wa njirayi umaoneka bwino mukaiyerekeza ndi ngongole. Tinene kuti makina owotcherera ali pa R2,000. Mukabwereka ndalama imeneyo kwa obwereketsa olembetsedwa ku National Credit Regulator, bungwe la boma loyang'anira obwereketsa ndalama, malamulo amawalola kulipiritsa chiwongoladzanja chofika 5% pa mwezi pa ngongole yoyamba ya nthawi yochepa, chimene pa R2,000 ndi R100. Amaloledwanso kutenga ndalama yotsegulira ngongole, yomwe pa R2,000 imafika R265, komanso R60 mwezi uliwonse yoyendetsera akaunti, ndipo pa zolipira ziwirizi pamabweranso msonkho wa VAT. Mwezi umodzi wokha, makina a R2,000 akwera ndi ndalama zoposa R400, ndipo apatu tikunena obwereketsa otsata malamulo. A katapila, amene kuno amawatcha mashonisa, ena amafuna kuti pa R100 iliyonse mubweze R150 mwezi ukatha, ndipo amakonda kusunga khadi la ku banki kapena pasipoti ya wobwereka, zimene lamulo la National Credit Act la 2005 limaletsa. Pa lay-by, makina omwewo amakhalabe R2,000, ndipo zinthu zikavuta kwambiri mumangoluza R20. Ine sindinaone njira ina yotsika mtengo chotere kwa munthu amene alibe ndalama zonse m'manja.

Za katundu weniweniyo, maganizo anga ndi ogawanika. Ma grinder ndi ma drill a Makita, Bosch ndi Ryobi amapezeka ambiri, ndipo pafupi ndi kauntala pali soketi yoyeserapo. Ndimauza anyamata anga kuti asachite manyazi: ayatse grinder, aisiye izungulire kwa kanthawi, amvetsere ngati magiya akulira mwachilendo, asuzumire m'timipata ta kumbuyo ngati mukuthetheka moto wambiri pa mabulashi, timakala tolowetsa magetsi mu mota, kenako anunkhize, chifukwa waya wopsa fungo lake silibisika. Ayang'anenso ngati chotchingira disiki chilipo, pakuti ambiri amagulitsa grinder atachichotsa, ndipo kugwira ntchito popanda icho n'kuseweretsa zala ndi maso. Ogulitsa a pa shopuyi sakwiya ndi zimenezi, ndipo apa ndiwayamikire, chifukwa malo ena amakuyang'anani ngati mwabwera kudzaba.

Vuto lili pa makina owotcherera. M'shopu salola kuyatsa moto wowotcherera, choncho amangowalumikiza ku magetsi, kanyali n'kuyaka, fani n'kuzungulira, iwo n'kunena kuti ali bwino. Mmisiri aliyense amadziwa kuti zimenezo sizitsimikiza kanthu, popeza makina otopa amatha kusungunula ndodo yowotcherera ya mamilimita 2.5 bwinobwino koma n'kumazima mukangoika yonenepa ya 3.2. Mnyamata wanga wina atamaliza kulipira makina ake anandipeza ku ntchito n'kunena kuti, "Malume, akungotentha n'kuzima, kodi ndalama zanga zapita?" Tinabwerera nawo, ndipo woyang'anira shopu anayamba wakanakana, akuti katundu wakale amagulidwa mmene alili. Koma lamulo lija la Consumer Protection Act limapereka miyezi 6 yobwezera katundu wosagwira bwino ntchito, ngakhale wogwiritsidwapo kale, pokhapokha ngati wogula anauzidwa momveka za vuto lenilenilo n'kuvomereza. Titatchula zimenezi komanso ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, imene imamva madandaulo kwaulere, anatisinthira makina ena. Anachita bwino pomaliza, koma mnyamata akanapita yekha, ndi Chingerezi chake chamanyazi, ndikukayika ngati zikanatha choncho.

Pa nkhani ya katundu wakuba, imene imadetsa nkhawa aliyense wogula zinthu zakale mu mzinda uno, shopuyi ili ndi chikalata cha apolisi chopachikidwa pakhoma monga mmene lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafunira, ndipo amalemba chiphaso cha aliyense wowagulitsa katundu. Inu onetsetsani kuti nambala ya chida yalembedwa pa pepala la lay-by, kuti tsiku lotenga asakupatseni china chofanana nacho. Malisiti awo ndi a pepala lija lofufutika likakhala m'thumba la ovolosi, choncho ndi bwino kuwajambula pa foni tsiku lomwelo.

Chimene sindigwirizana nacho kwenikweni chili mbali ina ya shopu yomweyo, pa zenera la pinyolo. Pamenepo munthu amasiya chida chake n'kulandira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo akapanda kuchiwombola pa tsiku limene anagwirizana, chimapita pa shelefu kukagulitsidwa. Zida zambiri zabwino zimene timazisirira kumeneko zinafika motero, kuchokera kwa amisiri anzathu amene lendi inawapana kapena kunagwa maliro kumudzi. Kwa mmisiri, kupinyolitsa grinder kuli ngati mlimi kugulitsa khasu mvula itayamba, pakuti ndalama yowombolera imayenera kuchokera pa ntchito imene sangaigwirenso. Sindikunena kuti shopu ikuphwanya lamulo, koma ogulitsa amafulumira kukumbutsa wogula watsopano kuti akadzavutika akhoza kubweretsanso chidacho, ndipo mawu amenewo kwa mnyamata wa zaka 22 amamveka ngati thandizo.

Lay-by ilinso ndi malire ake amene si vuto la shopuyi. Miyezi yonse imene mukulipira, chidacho chimakhala kuseri osakupangirani ndalama, choncho si njira yabwino pa chida chimene mwapezera kale ntchito ya mawa. Pamenepo kuli bwino kubwereka kwa mnzanu kapena kuchita hayala tsiku limodzi. Komanso lay-by siwerengedwa ngati ngongole, kotero ngakhale mulipire mokhulupirika, dzina lanu silikwera ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga TransUnion ndi Experian, ndipo amene akufuna kudzatenga bakkie, galimoto yaing'ono yonyamula katundu, pa ngongole mtsogolo asayembekezere kuti malisiti amenewa adzamuthandiza. Ena amati chipereganyu ndi chabwino kuposa zonsezi, ndipo n'zoona kuti chimakupatsa ndalama yochuluka pa kamodzi, koma ndalama ya m'manja imamva msanga foni za kumudzi, pamene yopereka pa kauntala ya lay-by yatsekeredwa kale pa chida.

Kwa wachinyamata amene ali pa ntchito yothandizira mmisiri ndipo akufuna kusonkhanitsa zida zake pang'onopang'ono, shopuyi ndikuivomereza pa ma grinder, ma drill ndi zida zamanja, ndipo pa makina owotcherera apite ndi munthu wodziwa n'kukawayesa ndi ndodo ya 3.2 tsiku lomwe wawatenga. Nthawi yoyambira nayo ndi yofunika. Makampani a zomangamanga kuno amatseka pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, maganyu amasowa, ndipo ambiri timakwera basi kupita kumudzi, kotero lay-by yoyamba mu Okutobala kapena Novembala imadzathera pa nthawi imene m'thumba mulibe kanthu. Anyamata anga ndimawauza kuti ayambe mu Febuluwale kapena Malichi, ntchito zikayambiranso, kuti pofika miyezi yozizira chida chikhale chili m'manja.