EA Sports FC 24 Ultimate Edition: ndalama yanga inagula sabata imodzi, ndipo sindikudandaula

Gemu ya mpira imeneyi ndikuyipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, koma musanathamangire kukatapa ndalama mudziwe kaye kuti ine gemu ndimayiona ndi diso lanji. Ndili ndi kachipinda kuseri kwa malo ometera ku Rosettenville, mu Johannesburg. Muli ma TV atatu, ma PlayStation 4 awiri ndi PlayStation 5 imodzi yogula kwa munthu. Anyamata amalipira R10 pa mpira umodzi. Ambiri ndi akumudzi, a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, ena alonda, ena matelala, ena ogwira m'magadeni a ku Glenvista, amadzera kuno akaweruka. Choncho gemu kwa ine ndi katundu, monga mmene shuga alili kwa mwini okala. Ino ndayigwiritsa ntchito miyezi isanu.

Kunena zoona, anthu a EA, kampani yopanga gemuyi, anayamba kundigulitsa gemuyi isanabadwe n'komwe. Mu May 2022 analengeza kuti akusiyana ndi bungwe la FIFA, limene gemuyi inkatchedwa dzina lake, atayenda limodzi kuyambira 1993. M'chipinda mwanga munabuka mkangano wa masiku angapo. Ena amati basi mpira wa pa TV watha, ena amati matimu onse achoka. Mu April 2023 anatulutsa chizindikiro chokha, chamakona atatu, chofanana ndi kachizindikiro kamene kamayandama pamutu pa wosewera amene ukumuyendetsa. Chizindikiro basi, popanda ngakhale mpira umodzi womenyedwa, koma anthu anakambirana ngati kwabwera nduna.

Mu July ndiye anatsegula mpopi. Poyamba chinali chithunzi cha pachikuto cha Ultimate Edition, pali osewera oposa 30, akale ndi atsopano, amuna ndi akazi. Anthu pa intaneti anaseka nkhope zina, makamaka ya Pirlo, ndipo pa gulupu yathu ya WhatsApp chithunzicho chinatumizidwa mwina kasanu tsiku limodzi. Ine ndinaseka nawo, kenako ndinazindikira kuti tonse tikuwatsatsira malonda mwaulere, ndi data yathu yomwe. Pa 13 July anaonetsa trailer, kanema wotsatsa gemuyi, ku Amsterdam, n'kulengeza kuti pachikuto cha gemu wamba pakhala Erling Haaland. Kuchoka apo sabata iliyonse kumatuluka kenakake, kanema wofotokoza izi, mawa lake zina. Amatinyemera pang'onopang'ono ngati mayi wogawa chigumu kwa ana ambiri, kuti aliyense akhale akuyang'anabe m'manja.

Chimene chinagwedeza chipinda changa kwenikweni ndi manambala oyeza luso la osewera amene anatuluka mu September. Haaland, Mbappé ndi De Bruyne 91, Alexia Putellas nayenso 91, Messi 90, Ronaldo 86. Abale, 86 imeneyo! Pali mlonda wina wa ku Monkey Bay amene amakonda Ronaldo kuposa nsima. Anaimirira pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja, n'kumati, "Achimwene, awa akutinyoza. Munthu wa zigoli zonse zija?" Anakangana ndi anzake mpaka wometa uja anabwera kudzatiuza kuti makasitomala ake akuthawa. Koma mlonda yemweyo potuluka ndi amene anandifunsa kuti, "Ndiye ifika liti kuno?" Apa m'pamene ndinaona nzeru yawo. Sanatipatse nkhani yoti tiwerenge, anatipatsa zoti tizikanganirana, ndipo mkangano wa mpira suthera pakamwa, umafuna padi m'manja.

Panali mitundu iwiri. Wamba, wa $69.99 pamtengo wa ku America, wotuluka pa 29 September. Ndi Ultimate Edition, wa $99.99, umene umakulola kuyamba pa 22 September, masiku asanu ndi awiri anzako asanayambe, n'kukuwonjezera ma FC Points 4,600, ndalama zogulira zinthu mu gemu momwemo. Mayi a kunyumba nditawafotokozera anangoti, "Bambo, ndiye mukulipira kuti mudye nsima yomweyo anzanu asanasambe m'manja?" Sanalakwitse. Koma msewu wachiwiri kuchoka kwa ine kuli mnyamata wina wa kachipinda ngati kanga, ndipo ndinkadziwa kuti iye amadikira disiki. Ndinayang'ananso kalendala. Pa 22 linali Lachisanu, holide ya Heritage Day pa 24 inagwera Lamlungu, ndiye Lolemba pa 25 linali la holide. Masiku anayi anyamata ali omasuka, gemu yatsopano ili kwa ine ndekha. Ndinalipiriratu.

Apa ndipereke chenjezo, chifukwa ndinapsa ndekha. Ndilibe khadi ya ku banki yogwira pa intaneti, ndiye ndinapita m'tauni kukagula ma voucher pa kashopu kena ka mafoni pafupi ndi Park Station. Ndifika kunyumba, ndilowetsa nambala, ikukana. Ndibwereza, ikukana. Kuyang'anitsitsa kapepalako, ma voucher anali a akaunti ya ku America, pomwe yanga ndi ya ku South Africa, ndipo za PlayStation zimayendera dziko. Ndinabwerera kawiri, takisi ndi takisi, mwini shopu akuti mnyamata amene anandigulitsa sanabwere. Anadzandisinthira pa tsiku lachitatu nditakhala pakhomo pake ola lathunthu osasuntha. Vuto limeneli si la gemu ayi, koma amene mumagula ma voucher m'tauni muzifunsa kuti ndi a dziko liti ndalama isanachoke m'manja.

Ubwino wolipiriratu ndi woti gemu umayamba kuyikopera tsiku lisanafike. Zinandithandiza kwambiri, poti intaneti yanga ndi ya rauta ya simu khadi, ndipo magetsi a chaka chimenecho mukuwakumbukira mmene ankazimira. Ndinkasiya makina akukopera usiku pa inveta, TV yozimitsa. Itatha, pa sikirini panangotsala wotchi yowerenga chobwerera, masiku, maola, mphindi. Wotchi imeneyo ndinkayisiya dala poonekera. Anyamata akalowa amayamba ayiyang'ana kaye asanandipatse moni.

Lachisanulo sindidzaliiwala. Pofika faifi koloko madzulo mipando inali itatha, ena atakhala pa makreti a zakumwa, ena ataima pakhomo mitu yokha ili m'kati. Ndinatenga kope la sukulu la mwana wanga n'kuyamba kulemba mayina pamzere, wopambana akhale, wogonja atuluke. Pa PlayStation 5 ndinakweza mtengo kufika R15, palibe anang'ung'udza. Mlonda wa Ronaldo uja anabwera atavala kale yunifolomu, ntchito akuyamba sikisi, n'kupempha mnzake kuti amupatse malo ake pamzere, adzamubwezera ndi chipisi. Anasankha Al Nassr, anadya zigoli zinayi kwa mwana wa zaka 16 wogwiritsa Manchester City, n'kutuluka akuseka kuti mawa abweranso. Pofika Lolemba usiku, ndalama imene ndinawonjezera posankha Ultimate inali itabwerera, ndi kena pamwamba.

Tsono gemuyo payokha. Pa PlayStation 5 kusiyana kumaoneka. Osewera amathamanga ndi kutembenuka mofanana ndi eni ake, Haaland akamathamanga umamuzindikira ngakhale dzina lisanaoneke. Izi ndi zimene amazitcha HyperMotionV, zimene ankazitchula mu kanema aliyense. Chimene sindinawerenge, ngakhale chinalembedwa poyera, n'choti zimenezi zili pa makina atsopano okha. Pa ma PlayStation 4 anga awiri mulibe. Kumeneko mpira umamveka pafupi kwambiri ndi wa chaka chatha, kungoti majezi, matimu ndi mamenyu ndi zatsopano. Kulakwa n'kwanga, maso anali pa Haaland osati pa timalemba ta m'munsi. Ndiye ngati muli ndi makina akale, dziwani kuti zimene munaona mu trailer si zonse zimene zidzafike pa TV yanu.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi ma PlayStyles. Wosewera aliyense wodziwika ali ndi luso lakelake, wina mutu, wina kupinda mpira pomenya, wina kulanda. Zasintha kasankhidwe ka matimu m'chipinda muno. Kale aliyense ankangofuna wothamanga kwambiri, pano umamva wina akulangiza mnzake kuti aponye m'mwamba poti kutsogolo ali ndi wa mutu. Ligi ya amayi ya ku France, kumene Tabitha Chawinga anapita kukasewerera PSG, ilimo, ndipo anyamata amene poyamba ankanyoza matimu a amayi pano amawasankha okha. Flames mulibe, monga mwa kale. Funso limeneli ndimayankha pafupifupi sabata iliyonse kwa wobwera kumene kuchokera kumudzi.

Ma FC Points 4,600 aja kwa ine anali ngati kupatsidwa nsapato za mwendo wina. Amagwira ku Ultimate Team, kumene umasonkhanitsa osewera n'kumasewera ndi anthu pa intaneti, pomwe makasitomala anga amangofuna kukhala awiri pa benchi n'kuthana. Anakhala mwezi wathunthu osakhudzidwa mpaka mphwanga anawathera usiku umodzi potsegula mapaketi, n'kupeza osewera amene sanamusangalatse. Nyenyezi yachisanu yagwera pamenepa ndi pa nkhani ya makina akale ija.

Pa 29 September mnyamata wa msewu wachiwiri uja anapeza disiki yake. Mzere wa pakhomo panga unatha tsiku lomwelo, kope linabwerera kwa mwini wake, mtengo unatsikira pa R10. Pofika Black Friday mu November gemu yomweyi inali itatsika mtengo m'masitolo. Ndiye mukandifunsa ngati munthu wosewera kunyumba kwake alipire Ultimate, ndikuti ayi, pokhapokha ngati moyo wake uli ku Ultimate Team. Amene anali ndi EA Play, umembala wolipira wa EA, anapatsidwa maola 10 oyeserera kuyambira pa 22 pomwepo, okwanira kuziziritsa mtima. Ndipo kulipiriratu gemu imene sunayione kuli ndi mbiri yake. Gemu ya Cyberpunk 2077 anthu anayilipiriratu makope 8 miliyoni, itatuluka pa 10 December 2020 inali ndi mavuto ambiri pa makina akale moti Sony, kampani ya PlayStation, inayichotsa pa sitolo yake patangotha sabata, n'kudzayibwezera mu June 2021. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpira wa chaka ndi chaka sudabwitsa chotero, n'chifukwa chake ndinalimba mtima, koma gemu yachilendo sindingayerekeze.

Chimodzi chokha chimene kutsatsa konse kuja sikunakwanitse ndi dzina. Chaka ndi theka akutiphunzitsa kunena FC, koma mpaka lero palibe amene analowapo muno n'kunena kuti akufuna FC. Onse amati, "Achimwene, tiponyeko FIFA." Nanenso pa chikwangwani cha pakhomo sindinafute.

Panopa mitu ya anyamata yatembenukira kwina. Pa 4 December 2023 kampani ya Rockstar inatulutsa trailer ya gemu ina, GTA VI, ndipo pa tsiku limodzi inaonedwa koposa ka 90 miliyoni pa YouTube, kumapeto kwake atangolemba kuti 2025, opanda mwezi, opanda tsiku. Muno tinayionera pa TV yaikulu kangapo motsatizana, mpira utaimitsidwa. Sabata yatha mwana wa zaka 16 uja anandipeza ndikusesa, n'kundifunsa ngati kope lija lidakalipo. Akuti ndimulembe nambala wani.